Makiyi a mu Msewu wa Serrano

Anabwera Lachinayi ndi mzinda wawo wa makatoni,
anyamata awiri ataunyamula mwaulemu ngati bokosi la maliro,
n'kuukhazika patebulo mu holo ya khonsolo.
Valparaíso, kuyambira padoko mpaka pamabanki,
yense wokwana m'khwapa mwanga.

Tinauzungulira, ife otsala:
Fresia wa mabatani ndi ulusi,
Nibaldo wometa, amene masiku ano amameta imvi zokhazokha
ndipo chaka chilichonse mitu imamuchepera,
ndi ine, Eulogio, wosula makiyi zaka makumi anayi ndi chimodzi.

M'mzinda wawowo munalibe dzimbiri.
Mitengo ya siponji,
tianthu ta pulasitiki tikuyenda tiwiritiwiri,
tosathamangira basi, topanda ngongole.
Galu ngakhale mmodzi munalibe.
Mzinda uno, wopanda agalu!
Fresia anaseka mpaka kutsokomola.

Mtsikana wa mapulani, dzina lake Maite, ankaloza ndi pensulo:
apa pomwera khofi, apa njira ya njinga,
apa nyumba za ophunzira, mawindo kuyang'ana kunyanja.
Ndinasakasaka khomo langa.
Pamene ndimakhala ndi tupa yanga
ndinapezapo kasupe woponya madzi m'mwamba.

Sindinakwiye. Mkwiyo unandithera kalekale.
Msewu uno ndinauona ukufa chiwalo chimodzichimodzi:
sitolo ya nsapato,
kenaka hotela ya amalinyero,
pakuti makontena safuna bedi, samwa vinyo, sameta ndevu.
Ogula anatsatira masitolo a magalasi ku Viña
kumene galimoto imapeza poima.
Zitseko zachitsulo zinatsika, gwa, gwa,
ndipo aliyense potseka ankadzera kwa ine:
Sunga kiyi winayu, Eulogio, tibweranso.

Anatigawira timapepala tachikasu kuti tilembe maloto athu.
Nibaldo analemba: chimbudzi.
Fresia: magetsi a mumsewu aziyaka,
n'kundinong'oneza kuti walira mvula walira matope,
akapenta makomawa lendi ikwera.
Bambo wa tayi anati zonsezi zitheka m'zaka khumi ndi zisanu.
Nibaldo anawerenga zala zake,
anafika pa chachisanu ndi chiwiri, n'kusiya.

Ine sindinalembe kanthu.
Ndinatsegula chitini cha mabisiketi
n'kukhuthula pakati pa mzinda wawo
makiyi makumi asanu ndi limodzi kudza atatu,
aliyense ndi kachingwe ndi dzina la mwini wake.
Tianthu tija tinagwa chagada.
Holo yonse zii.

Ndinati: pamwamba pa sitolo iliyonse pali zipinda,
madenga ake aatali kuposa a holo ino.
Mukukhala nkhunda, zosalipira.
Musanajambule nyumba zatsopano, kalowenimo.
Eni ake ena ali kumanda, ena ku Santiago,
koma ana awo ndili ndi manambala awo a foni.

Maite anatola kiyi mmodzi, namutembenuza m'dzanja.
Kodi amatsegulabe?
Kaya, mwanawe. Mchere wa m'nyanja umadya maloko.

Panapita milungu itatu ya mafoni ndi makalata.
Kenaka m'mawa wina ndinamupeza pakhomo panga,
atavala majombo, tochi m'manja.
Ine ndinatenga kabotolo ka mafuta.
Kiyi woyamba anathyokera m'loko.
Wachiwiri anakana, ngati sanandionepo.
Wachitatu, wa malemu Zúñiga wa nsalu,
anadandaula, anakakamira,
kenaka khethe.

Fungo la chinyontho. Nthenga pamasitepe.
Kalendala ya chaka chimene mwana wanga anakwatiwa.
Titakankha zenera, dzuwa linalowa ngati mwini nyumba,
ndipo pansipo basi ya magetsi inadutsa ikulira ndi mawaya ake.

Maite sanayankhule.
Anatulutsa tepi yoyezera, n'kundipatsa nsonga yake:
Gwirani apa, pakonapo, musasunthe.

Kasupe uja akadali pamapu.
Sindinamufunse.
Ndinagwira tepi.